Kodi Nankafumbwe Akhala ndi Moyo ndi Ciani?

Inu eni mabanja, caka ndi caka mukolola ndi thukuta, koma mvula isanagwe mai wa m'nyumba potapa cimanga apeza cafumbwa. Ambiri alimbana nalo bvutoli monga aona anansi acitira: uyu athira phulusa, uyo agula mankhwala, ndipo mankhwala akalephera aonjeza ena. Ife titi kutero ndiko kungotsata mapazi a mnzako osadziwa kumene alinkupita. Munthu wanzeru ayamba waika pambali zonse anazizolowera, nafunsa za tsinde la cinthu: kodi kacirombo aka kasowa ciani kuti kakhale ndi moyo?

Yankho lace nlalifupi: cakudya, madzi ndi mpweya. Cakudya simungakamane, pakuti ndico cimanga canu comwe. Nankafumbwe wamkazi aboola njere, naikiramo dzira, natsekapo, ndipo mphutsi idya mobisika m'kati momwe phulusa silifika. Koma mpweya mukhoza kukamana.

Larry Murdock wa ku Purdue University ku America, pamodzi ndi akatswiri a ku Cameroon, anayamba m'caka ca 1987 kufuna njira zosungira khobwe. Mwa njira zimene anayesa munaturuka thumba lochedwa PICS: matumba awiri a pulasitiki yokhuthala m'kati mwa lacitatu lolukidwa, lonse lomangidwa pakamwa pa lokha. Mumpweya umene tipuma, gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndilo lopatsa moyo. Tizirombo totsekeredwa titsiriza gawolo ndi kupuma kwao, tileka kudya ndi kuswana, ndipo, cozizwitsa, tifa ndi ludzu. Pakuti madzi a m'thupi mwao tiwapanga ndi mpweya womwewo pogaya cakudya. Kuyambira caka ca 2007 matumbawa anafalitsidwa kumaiko a kumadzulo kwa Africa, ndipo pambuyo pace anafika kuno kwathu, nayamba kusungiramo cimanga.

Ena ati mtengo wace ngwokwera. Nzoonadi, ngakhale thumba losamalidwa ligwira nchito makolola angapo. Koma cimene tifuna mucigwiritse ndi cifukwa cace, pakuti wodziwa cifukwa apeza yekha zoyenera kucita. Ngati mphamvu yonse iri m'kutseka mpweya, tsono kabowo kamodzi ka mbewa kaononga zonse. Cotero ikani thumba pathandala, losatsamira khoma. Kutsegulatsegula ndiko kupatsa mdani mpweya watsopano. Cimanga cakudya masiku ano cikhale pa cokha. Mgolo wacitsulo wotsekeka bwino ucita cimodzimodzi, mukaudzaza kufikira pakamwa.

Ndipo popeza cinyezi naconso sicituruka m'thumba lotseka, cimanga ciyambe cauma. Ikani njere m'botolo louma pamodzi ndi mcere wouma, nimukhutcumule. Mcere ukamamatira m'mbali mwa botolo, bwezerani cimangaco padzuwa.