Aphungu athu, funsani za zinyalala

Pa 24 February 2017, a Edgar Lungu analengeza kuti Chipata tsopano ni mzinda. Tinavina. Koma dzina silinyamula zinyalala, silikonza mseu, silimanga nyumba. Mvula ikagwa, mapulasitiki amatsikila mu Lunkhwakwa, wokwela njinga amalimbana na matope, ndipo wa lendi m'komboni amatunga madzi pafupi na cimbudzi.

Tisanamizane kuti ndalama kulibe. CDF inali K1.6 miliyoni pa dela la phungu mmodzi; mu 2022 inafika K25.7 miliyoni. Lamulo la zinyalala nalo lilipo kuyambila 2018. Cosowa ni munthu woimilila m'Nyumba ya Malamulo na kufunsa nduna: galimoto ya zinyalala idzafika liti ku Mchini, ku Nabvutika, ku Kapata? Mapuloti amagawidwa bwanji, ndipo amapatsidwa ndani?

Ena amati iyi ni nchito ya khansala. Inde, koma bajeti amavomeleza ni aphungu. Ndiye asatiuze kuti sizikuwakhudza. Kugula bokosi pa malilo si nchito imene tinawavotela.

Taiwala kale kolela? Mu January 2024, Heroes Stadium ku Lusaka inasanduka cipatala, ana anatsegulila sukulu mu February. Kolela siyang'ana khadi ya cipani.

Ifenso tili na mlandu. Timataya doti mu ngalande, ndipo miting'i ya WDC ikaitanidwa timasiyila agogo. Tiyeni tipiteko. Phungu akabwela pa wailesi, timuimbile foni, timufunse tsiku na mtengo wa nchito, tilembe yankho lake. Povota tidzaliwelenga.