Ayeretse mitsinje ya ku Ogoni kaye

A Mkonzi,

Mlembi wanu akuti malo ophunzitsira achinyamata ntchito zamanja ndi kompyuta ku Niger Delta, m'dziko la Nigeria, athetsa ziwawa. Ndikukana. Achinyamata ena amaboola mapaipi a mafuta chifukwa mafutawo anapha mitsinje yomwe makolo awo ankawedzamo. Lipoti la 2011 la UNEP, bungwe la United Nations loona za chilengedwe, linapeza mankhwala oopsa a benzene oposa mlingo wa WHO maulendo 900 m'zitsime za ku Nisisioken Ogale, m'dera la Ogoni ku Niger Delta komweko, ndipo linati kuyeretsa derali kungatenge zaka 25 mpaka 30.

Ena ati luso ndiye poyambira. Zoona, komatu boma laphunzitsa achinyamata ambiri chiyambireni chikhululukiro chomwe linapereka kwa zigawenga za ku Niger Delta mu 2009, ndipo kuba mafuta sikunathe. Telala watsopanoyo asokera yani pamene asodzi ndi alimi a m'mudzimo alibe ndalama?

Wowerenga wanu