Nkhuku sinenepa ndi ufa wamatsenga

Masiku ano mukatsegula Facebook kapena magulu a WhatsApp, simuchedwa kupeza wina akutsatsa timapaketi ta ufa toti nkhuku zanu "zifufuma" m'masabata anayi. Achinyamata ambiri amene alowa geni ya nkhuku za nyama akugula timapaketiti ndi ndalama ya ngongole, ena ya banki m'khonde. Tisanamizane amangwetu: ena mwa ife tikutaya mpamba chifukwa chosadziwa chomwe tikuthira m'chakudya.

Vuto likuyambira pa mtengo. Chakudya chimadya gawo lalikulu la ndalama zoweta nkhuku, kuposa theka. Ndiye thumba likakwera, mlimi amayamba kusakaniza yekha chimanga, madeya ndi soya. Palibe cholakwika pamenepo. Cholakwika ndi kuganiza kuti nkhuku ikakhuta ndiye kuti yadya bwino.

Thupi la nkhuku limamangidwa ndi mapuloteni, ndipo mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino acid. Tina mwa tizidutswati, monga lysine ndi methionine, nkhuku singapange yokha, iyenera kutipeza m'chakudya. Chimanga chili ndi lysine wochepa. Soya ali ndi lysine wambiri koma methionine ngwochepa. Chimodzi chikaperewera, zinazo sizigwira ntchito mokwanira. Zili ngati ndowa yobooka m'mbali: kaya muthire madzi ochuluka bwanji, amangolekeza pabowopo. N'chifukwa chake makampani opanga chakudya amathiramo lysine, methionine ndi premix, yemwe amakhala ndi mavitamini ndi michere ina.

Choncho zowonjezerazi si bodza, ndi sayansi. Koma zimalowa pang'ono, magalamu ochepa chabe pa kilogalamu ya chakudya, ndipo zimafuna sikelo, osati kuyeza ndi chikhatho. Methionine akachuluka amabweza nkhuku m'mbuyo m'malo moikuza. Komanso palibe ufa womwe ungakonze chakudya choipa. Soya wosakazinga amalepheretsa nkhuku kugaya mapuloteni. Chimanga cha chuku chimakhala ndi poizoni wa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi. Amene akukuuzani kuti paketi imodzi ithetsa zonsezi akufuna ndalama yanu basi.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi timapaketi topanda chizindikiro, togawidwa m'timapepala ta pulasitiki popanda dzina la wopanga, tsiku lothera mphamvu kapena mlingo wake. Ndani akudziwa zomwe zili m'katimo? Palinso chizolowezi chothira maantibayotiki m'madzi a nkhuku zosadwala kuti zikule msanga. Mayiko a European Union adaletsa kugwiritsa ntchito maantibayotiki pokulitsa ziweto mu 2006, ndipo mu 2017 bungwe la World Health Organization lidalangiza alimi kuti asiye kupatsa ziweto zathanzi mankhwalawa mwachizolowezi. Chifukwa chake n'chomveka: tizilombo timazolowera mankhwala, ndipo tsiku lomwe mwana wanu adzadwale, mankhwala omwewo akhoza osagwira. Apa nkhani si ya alimi okha. Ikukhudza aliyense wogula chipisi ndi chiwamba cha nkhuku pamsika.

Tikupempha a Malawi Bureau of Standards ndi nthambi ya boma yoona za ziweto kuti asamangoyang'ana mashopu a m'tauni. Msika wasamukira pafoni, nawonso atsatire komweko. Akatswiri a ku LUANAR nawo atithandize ndi malangizo a kasakanizidwe ka chakudya m'Chichewa chomveka, oti munthu angawerenge pafoni ndi bandulo ya tsiku limodzi. Akatswiri akakhala chete, otsatsa ndiwo amasanduka aphunzitsi.

Koma udindo woyamba ndi wathu, eni makola. Musanagule, werengani zolembedwa papaketi. Ngati palibe, isiyeni. Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, osati amene akugulitsa. Gulani kasikelo. Muziyeza nkhuku zingapo sabata iliyonse n'kulemba m'kope, kuti mudziwe ngati chomwe mwathiracho chikugwiradi ntchito. Nkhuku zikadwala n'kulandira mankhwala, dikirani masiku olembedwa pabotolo musanazigulitse.

Nkhuku ya nyama yodyetsedwa bwino imakwana kugulitsa pakatha masabata pafupifupi asanu ndi imodzi. Masabata awiri omwe mukufuna kudumphawo asakudyereni mpamba, ndipo asadwalitse kasitomala amene amakukhulupirirani.