Kapu yopanda chogwirira si yothyoka ayi

Mukaona kapu yopanda chogwirira musathamangire kunena kuti yathyoka. Ku Istanbul, m'dziko la Turkey, ndi mmene ankamwera khofi: kakapu kotchedwa fincan ankakakhazika mu zarf, kachotengera kachitsulo, kuti zala zisapse.

Afalansa, akathyali pa malonda, adaziona zimenezi. Dothi loyera lija la kaolin litapezeka ku Saint-Yrieix, kufupi ndi Limoges, mu 1768, mafakitale oumba mbale adachuluka. Pofika m'ma 1800 ena ku Paris, monga Jacob Petit, ankaumba dala zoti akagulitse ku Turkey. Mbale zokhala ndi zivundikiro, maluwa mbwee, golide waliwali. Mwini ndalama wafuna, iwe ndani?

Chondiwawa ine n'chakuti Turkey idali ndi amisiri akeake. Mbale za ku Iznik zidatchuka zedi m'ma 1500, koma pofika m'ma 1700 ng'anjo zakumeneko zidali zitazima, ndalama n'kumapita kunja.

Sultan Abdülhamid II adadzidzimuka mochedwa. Kumayambiriro kwa m'ma 1890 adamanga fakitale yakeyake ku Yıldız. Nanga akatswiri oyendetsa ntchitoyo adakawatenga kuti? Ku France komweko, taonani!