WAKWIYA BWANJI NGATI SI IYEYO?

Anzanga a pamsika, pali matenda ena ondidabwitsa. Pa wailesi pakangomveka sewero la wogula chimanga wa sikelo yobera, m'mawa mwake pa Mdeka kapena pa Lirangwe mupeza bambo wina watupa ngati finye, ati akunena iyeyo. Dzina lake sanalitchule, mudzi wake sanautchule. Nanga wadzizindikira bwanji?

Matendawa anayambira kumpando. Mzungu wina wa ku America, Paul Theroux, ankaphunzitsa ku Soche Hill mu Blantyre mpaka boma linamuthamangitsa mu 1965. Mu 1971 anatulutsa buku la nkhani yopeka, Jungle Lovers, yochitikira m'Malawi momwe muno, ndipo pulezidenti wa m'bukumo anamutcha Hastings Osbong. Hastings, abale! Ndi mwana wa sitandade 2 yemwe akanadziwa. Boma linaletsa bukulo, ndipo poliletsapo linachita ngati kusayinira lokha kuti chithunzicho chafanana.

Legson Kayira, uja anayenda wapansi mpaka ku Sudan pofuna sukulu ya ku America, anabisako pang'ono. M'buku lake la 1974, The Detainee, wolamulira wankhanza ndi Sir Zaddock, ali ndi anyamata ake ovutitsa anthu wamba. Komatu inu amene munabwezedwapo pa geti la msika, dengu la tomato lili pamutu, chifukwa chosowa khadi la chipani, simungafunse kuti anyamatawo anali ayani.

Ine olembawo sindiwada. Woumba mbiya amatapa dothi kudambo la kwawo, nanga akalitenge kuti? Amatenga mimba ya uyu, kayankhulidwe ka uyo, ngongole za wina, n'kuumba munthu mmodzi. Wamkulu akakwiya, zake zimenezo, ali ndi maloya.

Chondiwawa ndi ife omvera, tikayamba kugawa maina. Sewero likanena za mayi wogulitsa mandasi amene akuyenda ndi mwamuna wa mwini, pofika masana tamupeza kale mayiyo pa mzere wathu. Eti chifukwa nayenso amavala duku lofiira! Wolemba ali phee ku Blantyre, mayiyo sanamuonepo chibadwire. Koma kuno makasitomala ayamba kulambalala beseni lake, apongozi amva kale, ndipo madzulo mandasi akubwerera kunyumba osagulidwa, ufa ndi mafuta zili zapangongole.