Madzi oyera mbee sindiye kuti ndi abwino

Anzanga aphunzitsi ndi inu ana anga akale, sabata yatha ndinali ndi a Fomu 4 pa mutu uja wa half-life. Titatha masamu a pa bolodi, mtsikana wina anakweza dzanja. "Aphunzitsi, madzi akakhala ndi zimenezi, munthu angadziwe bwanji?" Belu linandipulumutsa. Koma funsolo landisowetsa mtendere, ndipo ndaona kuti mutuwu timauphunzitsa moperewera. Timapatsa ana nambala zoti agawe ndi 2, osawauza kuti nambalazo amazipeza ndani, ndiponso motani.

Tiyeni titenge strontium-90. Imapangika uranium kapena plutonium ikamasweka mu bomba kapena mu riyakita ya nyukiliya. Half-life yake ndi zaka pafupifupi 29. Kuipa kwake n'koti thupi limaitenga ngati kashiyamu, ndiye ikalowa kudzera m'madzi, mkaka kapena nsomba, imakakhazikika m'mafupa ndi m'mano. Ili m'menemo imatulutsa cheza cha beta chomwe chingayambitse khansa ya m'mafupa ndi ya m'magazi. Ilibe fungo, ndipo madzi amaonekabe oyera mbee.

Kuyeza kwake n'kovuta. Caesium-137 imatulutsa cheza cha gamma, choncho makina amaizindikira msanga. Strontium-90 imatulutsa beta yekha, ndipo beta sanena bwinobwino kuti wachokera kwa yani. Akatswiri amayamba aipatula ndi mankhwala kuchoka ku kashiyamu ndi zina zonse za m'madzimo. Pa njira yakale amadikira masabata awiri kuti yttrium-90, mwana wake, ichuluke, kenako n'kuwerenga. Masiku ano kuli makina a ICP-MS omwe amafupikitsa ntchitoyi, koma ndi okwera mtengo. Bungwe la WHO linaika mlingo wa ma becquerel 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa.

Taonani zimene zinachitika ku Fukushima, ku Japan, pambuyo pa ngozi ya mu 2011. Mu Julayi 2013 kampani ya TEPCO inatunga madzi pa chitsime china choyezera pafupi ndi nyanja. Mu Febuluwale 2014 m'pamene inalengeza kuti munali strontium-90 yokwana ma becquerel 5 miliyoni pa lita. Miyezi isanu ndi iwiri anthu osadziwa! Mu 2018 kampani yomweyo inavomera kuti gawo lalikulu la madzi a m'mathanki, omwe anali atadutsa kale m'makina osefera a ALPS, linali lisanafike pa mlingo wovomerezeka, ndipo strontium-90 inali m'gulu la zotsalirazo.

Maganizo anga ndi awa: woipitsa madzi asakhale yekha woyeza madziwo. Ife tomwe timadziwa chifukwa chake a MANEB salola kuti tichonge tokha mayeso a ana athu. Sikuti tonse ndife akuba ayi, koma diso la mlendo limaona zimene mwini nyumba anazolowera. N'chifukwa chake ndikuona kuti zinali bwino kuti pamene Japan inayamba kuthira madzi osefedwawo m'nyanja ya Pacific pa 24 Ogasiti 2023, bungwe la IAEA linali pomwepo, ndipo malabotale a mayiko ena anapatsidwa madzi omwewo kuti ayeze paokha.

Wina anena kuti kuyeza kwa chotere n'kuwononga ndalama, popeza zotsatira za m'nyanja zakhala zikutuluka zotsika kwambiri. Ndikumva. Koma tadziwa bwanji kuti n'zotsika? Si chifukwa choti wina anayeza? Komanso bwererani ku masamu athu aja. Strontium-90 ya mu 2011 idzatsala theka cha m'ma 2040, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi cha m'ma 2069. Kuyeza kwa zaka ziwiri kapena zitatu sikukwanira.

Ndipo anthu wamba ali ndi mbali yawo. Kuyambira mu 1958, ku St. Louis, ku America, makolo ankatumiza mano ogweruka a ana awo kuti akayezedwe, ndipo anasonkhana oposa 300,000. Dr. Louise Reiss anaonetsa kuti strontium-90 yochokera ku mabomba oyesedwa mumlengalenga inali kuchuluka m'mano a anawo. Umboniwu unathandiza kuti mu 1963 America, Britain ndi Soviet Union asayine pangano loletsa kuyesa mabomba mumlengalenga ndi m'madzi.

Lolemba ndibwerera kwa mtsikana uja ndi yankho lokwanira. Ndikawauzanso onse kuti akamva wina akuti "madziwa tawayeza, ali bwino", azifunsa mafunso atatu: mwayeza chiyani, wayeza ndani, ndipo mwayeza liti? Paja safunsa anadya phula. Inu anzanga a Physics, mutuwu mumauphunzitsa bwanji? Tandiuzani.