Wakuuza Ndani?

Ana athu amene ali ku yunivesite akabwera pa holide, nkhani ya ChatGPT siisowa. Chibwerereni pulogalamuyi mu November 2022, akuti asayimenti imene inkadya sabata yathunthu ikutha tiyi asanazizire. Tikawafunsa ngati mtima suwagunda, amati aliyense akutero, ndipo alekichala sangadziwe.

Sitikunena kuti makinawa ndi haraam. Kuwafunsa kuti akufotokozere mutu umene wakuvuta m'kalasi, ngati malamulo a sukulu yako akulola, sitikuonapo cholakwa. Nkhawa yathu ili pa dzina limene umalemba pamwamba pa pepala, chifukwa dzinalo ndi umboni wakuti zili m'katimo ukuzidziwa ndipo ungaziikire kumbuyo.

Ife amene tinakulira ku madrasa tinaphunzira kuti Hadith siilandiridwa popanda isnad, mndandanda wa anthu amene anauzana mawuwo mpaka kukafika kwa Mtumiki. Imam Bukhari, amene anamwalira mu 870, ankafufuza munthu aliyense pa mndandandawo. Kodi anakumanadi ndi amene akumutchulayo? Ankakumbukira bwino? Anapezekapo akunama? Mawu okoma paokha sankakwanira.

ChatGPT ilibe isnad. Imalosera mawu oyenera kutsatira potengera zolemba zambirimbiri zimene inaphunzitsidwa, ndipo nthawi zina imapeka buku, wolemba, ngakhale nambala ya tsamba, zonse m'Chingerezi chosalala. Mu 2023 woweruza wina ku New York analipitsa maloya chindapusa cha $5,000 atapereka kukhoti milandu yakale imene sinachitikepo n'komwe, yopekedwa ndi ChatGPT. Awatu anali anthu a madigiri kale. Anangosiya kufunsa funso limene mwana wa ku madrasa amalidziwa.

Zoti alekichala sangadziwe, mwina n'zoona, ngakhale ena amagwidwa. Koma wophunzira unamwino amene anakhoza ndi ntchito ya makina adzaima yekha m'wodi usiku, mwana akutentha thupi, ndipo mlingo wa mankhwala adzafunika kuudziwa iyeyo. Mwanayo akhoza kudzakhala mdzukulu wathu.

N'chifukwa chake m'kalasi lathu la Fomu 4, kuyambira teremu ino, aliyense wobweretsa ntchito ya kunyumba aziima mphindi ziwiri, pepala lili m'manja mwathu, n'kutiuza pakamwa zimene walemba ndi kumene wazitenga. Makolo, ana akadzadandaula kunyumba kuti tawonjeza, afunseni funso lomwelo.